Bambo atuluka m'chipatala: timange chimbudzi cha m'nyumba kapena tibwezere mpamba mu okala?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Salima, amene wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Amuna awo anadwala sitiroko mu September, anagonekedwa pa chipatala chachikulu cha boma la Salima, ndipo tsopano ali kunyumba. Dzanja ndi mwendo wakumanzere zilibe mphamvu, koma akuyankhula bwinobwino ndipo amatha kuima akawagwiriziza. Mayiwa ali ndi okala kufupi ndi Kamuzu Road, ndipo amagulitsanso mpunga umene amakapikula ku Lifuwu. Mu December adzagawana ndalama za banki m'khonde. Ana awo, makamaka wamkulu amene ali ku Johannesburg, akuti ndalama zonsezo zimangire chimbudzi chamadzi ndi bafa m'chipinda cha bambo. Mayiwa akufunsa kuti: "Kodi ndimvere anawa, kapena ndalamazi ndizibwezere mu bizinesi imene yatsala pang'ono kugwa poti masiku ambiri ndikumatseka kuti ndisamale bambo? Ndikayamba kuganiza za okala ndimadziona ngati munthu wouma mtima."

Mayi, pepani ndi matendawa. Kuganiza za okala si kuuma mtima ayi. Okalayo ndi imene ikugula ufa, sopo wochapira zofunda za bambo, ndi kulipira galimoto yopita nawo kuchipatala. Ikagwa, odwalawo ndi amene ayambe kumva kuwawa kwake.

Maganizo anga ndi akuti chimbudzi chamadzicho musachimange chaka chino. Anawo akufunira bambo awo zabwino, zimenezo sindikukayika. Koma chimene bambo akusowa lero ndi njira yoti achoke pabedi, akafike podzithandizira ndi posambira, osagwa. Njira imeneyi ingakonzedwe m'sabata imodzi ndi ndalama zochepa. Chimbudzi chamadzi chifuna kugumula khoma, kukumba septic tank, kugula mapaipi ndi simenti, ndipo zonsezi zichitike mvula ili mkati. Inu mukulidziwa dothi la mchenga la kunyanja kuno momwe limagumukira dzenje likakumbidwa m'dzinja. Mmisiri adzakuuzani kuti masabata atatu. Mvula ikamugwira, masabatawo adzasanduka miyezi, bambo akugona m'chipinda cha fumbi ndi khoma lobowola.

Chifukwa chachikulu koposa ndi nthawi. Munthu amene wadwala sitiroko amabwezeretsa mphamvu zambiri m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira. Pambuyo pake kuchira kumapitirira ndithu, koma pang'onopang'ono. Bambo anadwala mu September, ndiye kuti miyezi ya phindu ndi inoyi mpaka cha mu March. Ndalama ndi mphamvu zanu za nyengo imeneyi zipite ku mafizo, ku mankhwala, ndi kwa munthu wokuthandizani. Komanso lero simungadziwe kuti pofika June bambo adzakhala akuyenda motani. Ngati adzayenda ndi ndodo yokha, chimbudzi chimene muli nacho, mutachikonza pang'ono, chidzawakwanira. Ngati adzafuna chikuku, chipinda chatsopanocho chidzafunika khomo la masentimita osachepera 80 ndi malo otembenukira mkati, zimene amisiri ambiri saziganizira mukapanda kuwauza. Mukamanga tsopano ndiye kuti mukumanga mongolota.

Ndiye mukonze chiyani? Mawa m'mawa yendani nokha njira imene bambo amadutsa, kuyambira pabedi mpaka kuchimbudzi, muone paliponse pamene phazi lokwekweretsa lingakodwe. Mikeka ndi timakalapeti ta pakhomo muchotse. Pansi musiye kupaka polishi. Simenti yonyezimira ija ndi yokongola kwa alendo koma yagwetsa anthu ambiri. Bedi likhale lalitali moti akakhala m'mphepete mapazi onse apondetse pansi, ndipo likankhidwe kuti azitsikira mbali imene ili ndi mphamvu. Masilipasi asiye kaye, chifukwa phazi lofooka silitha kugwira kachingwe kake. Nsapato yotseka chidendene ndiyo yabwino.

Usiku asamatuluke panja. Kalipentala aliyense wa pa Kamuzu Road angakupangireni mpando wolimba wokhala ndi moika manja, wobowola pakati, ndowa yovundikira ili pansi pake. Kutalika kwake kukhale masentimita pafupifupi 45, ngati mpando wa patebulo, kuti asavutike kudzuka. Mpando womwewo masana mungathe kuuika pamwamba pa dzenje la chimbudzi cha panja, popeza kunjuta ndi mwendo umodzi sikutheka. Ndikudziwa kuti abambo ambiri amachita nawo manyazi mpando umenewu. Muuike kuseri kwa nsalu, ndipo ndowa azichotsa ndinu kapena mwana wamwamuna, osati aliyense wodutsa. Ulemu wawo ukasungika, sadzaukana.

M'chimbudzi ndi m'bafa muike chogwirira kumbali ya dzanja lawo lamphamvu. Paipi yachitsulo yomangirira m'khoma ndi simenti ndiyo yodalirika, ndipo owotcherera angakupindireni. Asanayambe kuigwiritsa ntchito, muikoke nokha ndi mphamvu zanu zonse. Ikagwedera ndiye kuti sinakhale. M'bafa azisamba atakhala pa mpando, madzi muziyamba mwawayesa inu, chifukwa mbali yofooka nthawi zina siimva kutentha ndipo munthu amatha kupsa osadziwa. Pa khonde, ngati pali sitepe, mmisiri aumbe potsetsereka. Muyezo wake ndi wakuti pa sentimita imodzi iliyonse yokwera, patalike masentimita 12. Sitepe ya masentimita 20 ifuna potsetsereka pa masentimita 240. Amisiri amakonda kufupikitsa kuti simenti ichepe, ndipo amasalaza pamwamba ndi chitsulo. Inu muwauze kuti pakhale pokhakhala. Nyale ya sola imodzi m'chipinda ndi ina panjira ya kuchimbudzi, basi, ntchito ya nyumba ya chaka chino yatha.

Ine ndinadwazikapo mayi anga ku Nkhotakota ndi matenda omwewa, ndipo chimene ndikufuna muchigwiritse kwambiri ndi nkhani ya phewa. Powadzutsa, aliyense amathamangira kukoka dzanja lofooka lija poti ndilo likulendewera. Minofu yogwira phewalo inafooka, ndiye kukoka kumalivulaza, ndipo ululu wake umachititsa munthu kukana mafizo kwa miyezi. Muziwagwira m'chiuno kapena kumsana. Akakhala pansi, dzanjalo lizitsamira pa pilo kapena patebulo. Muuze ana, adzukulu, ngakhale anzawo a kutchalitchi amene amabwera kudzazonda.

Pa tsiku lokaonana ndi adokotala, mufunse za mafizo ndipo mupemphe kuti akuonetseni inu ndi wachibale mmodzi zoti muzichita kunyumba tsiku lililonse. Ulendo umodzi wa kuchipatala pa sabata suchiritsa. Chimachiritsa ndi kubwereza, kudzuka pa mpando ndi kukhalanso, kutola nyemba ndi zala zofookazo, kuyenda kuchokera kuchipinda kukafika pa khonde. Mufunsenso za bungwe la MAP (Malawi Against Physical Disabilities), limene lakhala likuthandiza anthu aulumali ndi mafizo komanso zipangizo zoyendera. Akakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, ndipo ndalama ya ulendo wotere iyenera kukhala yosungidwa kale. Kabaza, ngakhale ndiye mayendedwe athu ku Salima, musawakweze pakadali pano. Thupi limapendekera mbali yofooka ndipo sangadzigwire njinga ikagunda bampu.

Mankhwala a BP asadumphitse ngakhale tsiku limodzi, angakhale akumva bwino. Kuthamanga kwa magazi ndiko kumayambitsa sitiroko zambiri, ndipo amene wadwalapo kamodzi ali pa chiopsezo chodwalanso. Muziwayezetsa pafupipafupi ndi kulembetsa m'buku la kuchipatala. Ikamakhala pa 140/90 kapena kupitirira, adokotala adziwe. Mchere wa tsiku lonse usapose sipuni yaing'ono imodzi, magalamu 5, ndipo muwerengere umene uli kale mu usipa wofutsa, mu tizokometsera ndiwo ta m'mapaketi, ngakhalenso soda wa mu therere. Abale ena adzabwera ndi maganizo akuti izi ndi za anthu, kapena kuti akawapempherere asiye mapiritsi. Mapemphero alandireni ndi manja awiri, koma mapiritsi asasiyidwe. Ndipo tsiku lina mukadzaona pakamwa papotoka, mawu akulemera, kapena dzanja lina lafooka mwadzidzidzi, musawapatse chakudya kapena madzi, musadikire kuti kuche, thamangani nawo kuchipatala.

Tsopano za okala. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti January ndi February ndi miyezi yowuma pa malonda. Anthu ndalama zawo zathera ku feteleza ndi ku sukulu fizi, ndipo buku la ngongole limanenepa. Mpunga nawo nthawi imeneyi umakhala wokwera mtengo popikula. Phindu lenileni la mpunga limapangidwa mu May ndi June, alimi akamakolola, pamene munthu wokhala ndi ndalama m'manja amagula motsika n'kusunga. Mukathira ndalama zonse za banki m'khonde mu septic tank, nyengo yokolola idzakupezani chimanjamanja, ndipo mudzakakamizika kukatenga katapila kuti mupikule. Bizinesi zambiri za amayi zimafa chonchi pakagwa matenda pakhomo: mpamba umadyedwa pang'onopang'ono, ndipo palibe tsiku limene munthu angaloze kuti ndi lomwe unathera.

Ndalamazo muzigawe zisanafike n'komwe m'nyumba. Gawo laling'ono likonze zimene ndatchula zija. Gawo lina likhale la matenda okha, pa foni ya Airtel Money kapena TNM Mpamba imene simugulitsira malonda, kuti lisasakanikirane ndi za mu okala. Lotsalalo, lomwe likhale lalikulu, ndi mpamba. Musalisunge lonse pansi pa matiresi kudikira June; tonse tikukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023 ndalama za anthu zili m'manja. Zina mugule katundu woyenda msanga, sopo, shuga, mafuta ophikira, mchere, machesi. Zina mubwezere m'masheya a banki m'khonde momwe mungathe kudzabwereka nthawi yokolola. Simenti yoti idikire chaka chamawa musagule, imauma m'thumba ndi chinyezi cha dzinja. Ngongole za makasitomala muzichepetse popanda manyazi. Aliyense pamalopo akudziwa kuti muli ndi matenda.

Vuto lenileni la okala yanu ndi lakuti ikumakhala yotseka. Kasitomala akapeza chitseko chotseka kawiri katatu, amazolowera kugula kwina. Mufunika munthu wachiwiri, ndipo muganize bwino kuti akhale mbali iti. Ambiri amaika wachibale mu okala iwo n'kukhala kunyumba, kenako katundu amayamba kusowa ndipo chibale chimawonongeka. Ine ndingakonde kuti mnyamata wachibale kapena wolembedwa ntchito azithandiza bambo m'mawa, kuwasambitsa ndi kuwayendetsa, inu muli pa malonda amene mukuwadziwa. Msana wanunso upumeko. Mukadzathyoka inu, pakhomopo padzakhala odwala awiri.

Pali chinanso chimene simunafunse koma chikundikhudza. Mwalemba kuti bambo akuyankhula bwino. Munthu wamwamuna amene anazolowera kudzuka n'kupita kokasaka ndalama, akangokhala pa khonde kuyang'ana nkhuku, mtima umagwa, ndipo kukhumudwa kotere n'kofala kwa odwala sitiroko. Wokhumudwa sachita mafizo. Apatseni ntchito yeniyeni mu bizinesiyi. Dzanja lamanja lili bwino: alembe zogulitsa za tsiku, asunge buku la ngongole, aziimbira foni alimi a ku Lifuwu kufunsa mitengo. Poyamba muziyang'ananso masamu awo mwakachetechete, chifukwa sitiroko yofooketsa mbali yakumanzere nthawi zina imachititsa munthu kusaona zimene zili kumanzere kwa tsamba. Akayamba kulimba, azikhala nanu mu okala kwa ola limodzi kapena awiri m'mawa dzuwa la Salima lisanapse. Anthu akamawapatsa moni ndi kuwafunsa mtengo wa shuga m'malo mowafunsa za matenda, mudzaona nkhope yawo ikusintha.

Kwa mwana wa ku Johannesburg, musamuyankhe kuti ayi basi. Amene ali kutali amavutika mumtima poti sakutha kugwira nawo ntchito yodwazika, ndipo chimbudzicho ndi njira yake yoti aoneke kuti alipo. Muimbireni bambo ali pomwepo, chifukwa nyumbayo ndi thupilo ndi zawo ndipo mawu awo amveke. Mumufotokozere kuti chimbudzi chidzamangidwa mvula ikatha, cha mu July kapena August, mutaona mmene bambo akuyendera, ndipo mumutumizire zithunzi za chogwirira ndi potsetsereka pa WhatsApp kuti aone kuti ntchito yayambika. Kenako mumupemphe chinthu chodziwika: kuti iye atenge udindo wa malipiro a mnyamata wothandiza uja mwezi ndi mwezi, ndipo ngati angathe, ayambe kusunga kumbali ndalama ya chimbudzicho. Abale ake otsala kuno agawane masiku operekeza bambo kuchipatala. Ngati pali kusamvana, itanani ankhoswe kapena amalume a anawo kuti nkhaniyi ikambidwe pamodzi December asanafike, tsiku logawana ndalama lisadzakupezeni aliyense ali ndi pulani yake.