Kodi ndisankhe udokotala wa ku casualty?

Mtsikana wina amene ali m'chaka chachinayi ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo, wandilembera imelo. Akuti mtima wake uli pa udokotala wa odwala mwadzidzidzi, wa ku casualty, koma akuluakulu ena akumuuza kuti imeneyo si ntchito yokalamba nayo, bola opaleshoni kapena matenda a ana. Ndiye akufunsa ngati awamvere.

Achemwali, zikomo pondilembera. Akuluakuluwo sakunama konse ayi. Kugwira usiku kumafoola thupi, ndipo kumapeto a mwezi anthu akalandira, ovulala pa njinga za kabaza, ogundidwa pa msewu wa M1 ndi okhapana ku mowa amafika nthawi imodzi, magazi osungidwa ali ochepa. Koma kutopa kuli paliponse m'chipatala cha boma. Funsani amene ali ku wodi ya amayi oyembekezera akuuzeni.

Chimene ndikufuna muganizire ndi china. Dokotala wa ku casualty ntchito yake yaikulu ndi kusankha woyamba kumuona. Pa benchi pali anthu ambiri, wina akukuwa ndi ululu wa mkono wothyoka, wina wangoti zii pakona, akupuma mothamanga. Inu muyenera kumusiya wokuwayo, abale ake akukunenani kuti mulibe chisoni, n'kuthamangira wacheteyo. Mukatsegula njira ya mpweya, mwaletsa magazi, mwamuika diripi, mumamupereka kwa anzanu a ku fiyeta kapena ku wodi. Kawirikawiri simumva kuti zinatha bwanji. Akachira, nkhuku yothokoza imapita kwa amene anamuchita opaleshoni. Ena zimenezi siziwavuta, ena zimawadya mumtima, ndipo mwa awiriwa palibe woipa. Dzifunseni kuti inu muli mbali iti.

Kunena kuti ntchitoyi ilibe ulemu, kumeneko ndiye ndikukana. Njira yosankhira ana odwalitsitsa yotchedwa ETAT, imene WHO inaifalitsa m'maiko ambiri, mizu yake ili ku Gulupu komwe kuno, kumene Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anaonetsa kuti ana ambiri amapulumuka ngati wodwalitsitsa sadikira pamzere. Mu 2011 chipatala chomwecho chinatsegula AETC, malo olandirira akuluakulu ovulala ndi odwala mwadzidzidzi. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ku Chilobwe mu Malichi 2023, anthu anathamangitsidwira ku zitseko zimenezi. Ukatswiriwu ndi watsopano ndithu mu Africa: ku South Africa unavomerezedwa mu 2003, ndipo ku Muhimbili ku Dar es Salaam maphunziro ake anayamba mu 2010. Akatswiri ake kuno ndi owerengeka, kutanthauza kuti mukalowamo mudzakhala mukuphunzitsa anamwino ndi ma clinical officer, kukangana ndi oyang'anira za okosijeni ndi ma ambulansi, mwinanso kuyambitsa dipatimenti pamene panalibe. Ngati misonkhano imakunyansani, dziwiranitu.

Za ndalama, chilungamo chake n'chakuti wa opaleshoni kapena wa amayi savutika kupeza odwala a pulaiveti. Inu zimenezo zidzakhala zochepa.

Musalumbire lero. Mukamaliza MBBS, digiri yanu ya udokotala, kukubwera internship, nthawi yogwira ntchito moyang'aniridwa, ndipo kumeneko mudzazungulira madipatimenti akuluakulu. Pemphani kuti muzikagwirako usiku ku casualty, makamaka Loweruka, osati kamodzi kokha. Mukamatuluka m'mawa maso ali gwa, mudzaone ngati mukufunabe kubwereranso madzulo ake. Mukadzatero mundilemberenso, tidzakambe za kumene mungakaphunzire.