Za bambo wa ku Kapata wonena kuti ndi wa OP

Amake Dalitso analemba pagulu la banja: "Atsibweni, atate a Dalitso akumana ndi bambo wina ku Kapata kuno ku Chipata, ati ndi wa OP, angathe kumulowetsa Dalitso ntchito tikapereka K2,500. Kodi a OP ndi apolisi omwewa? Ntchito yawo n'chiyani kwenikweni? Ati amamva zonse zomwe timalankhula pa foni?"

Atsibweni anayankha ndi mawu ojambula:

Eya, amake Dalitso, uthenga ndauona. Pepani ndachedwa, ndinali kudimba, komanso kulemba ndi zala zangazi n'chilango, ndiye ingomverani. Choyamba, ndalamayo isachoke m'nyumba. Atate a Dalitso ngati ali pafupi awonjezere voliyumu amve okha. Munthu amene ntchito yake ndi yachinsinsi sangakhale pa benchi ku Kapata, botolo m'manja, n'kumauza aliyense kuti ine ndine wa OP. Akatero ndiye kuti mwina ntchitoyo saidziwa, mwina si wake n'komwe. Ndipo ntchito ya boma sigulidwa ngati tomato. Ameneyo waona kuti muli ndi mnyamata wa Grade 12 ali khale pakhomo, basi.

Tsono za funso lanu. Amene timawatchula kuti a OP, ena amati mashushushu, dzina lawo la m'malamulo ndi Zambia Security Intelligence Service. Lamulo lomwe amayendera ndi la 1998, ndipo Constitution yathu, momwe anaikonzera mu 2016, imawatchula pamodzi ndi apolisi ndi a ndende ngati mabungwe achitetezo cha dziko. Mkulu wawo ndi Director General, amasankhidwa ndi Pulezidenti, n'chifukwa chake dzina la Office of the President, OP mwachidule, linawakanirira. Koma si apolisi ayi. Wapolisi amabwera mbuzi itabedwa kale, afune wakuba, alembe sitetimenti, apite naye ku khothi. Awa ntchito yawo yaikulu ndi kudziwa chinthu chisanachitike, n'kukauza amene ali ndi mphamvu yogamula. Ndipo si okha otolera nkhani. Asilikali ali ndi awo, a DEC amafufuza za chamba ndi ndalama zakuda, kulinso Financial Intelligence Centre ya 2010 yomwe imayang'ana ndalama zoyenda mokayikitsa m'mabanki. Maiko ena amagawa pawiri: ku Britain MI5 iyang'ana zam'kati, MI6 zakunja.

Ana a masiku ano akamva kuti kazitape amaganiza za munthu wa magalasi akuda ndi mfuti m'jekete. Ayi. Zambiri zomwe amatola zili poyera: nyuzipepala, zomwe anthu akuimbira foni pa Breeze FM, zolemba pa Facebook, mtengo wa unga ku Saturday Market. Mukuseka? Mu June 1990 unga utakwera mtengo, Lusaka inayaka, ndipo pa 30 mwezi womwewo msilikali wina, Mwamba Luchembe, analankhula pa wayilesi kuti asilikali atenga boma. Ndiye mtengo wa unga ndi nkhani ya chitetezo. Zina amamva kwa anthu, woyendetsa lole, wanjinga wodutsa njira zachidule pafupi ndi malire a Mwami, mlembi wa mu ofesi. Zina ndi za makina, mafoni, zithunzi zojambulidwa kuchokera kumwamba.

Koma kutola si ntchito yovuta kwambiri. Yovuta ndi kupeta. Inu amayi mukudziwa, chimanga chikachoka mumtondo, gaga ndi mphale zili pamodzi, ndiye pafunika lichero ndi dzanja lodziwa. Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso angawa.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndinali kuphunzitsa kufupi ndi malire a Mozambique, cha ku Chadiza uko. Inu munali musanabadwe, kapena munali kumbuyo. Nthawi imeneyo a Renamo ankadumpha malire n'kulowa m'midzi ya ku Chadiza, Katete mpaka Petauke, kulanda ng'ombe, kutentha nyumba, kupha anthu. Othawa nkhondo anali mbwee, ambiri anakawaika ku Ukwimi. Tsiku lina masana mnyamata wina anafika pasukulu wefuwefu, ati a Renamo awoloka mtsinje. Patapita kanthawi mayi wogulitsa zitumbuwa ananenanso zomwezo. Madzulo mkulu wa mpingo naye anabwera, nkhani yomweyo. Anthu atatu! Tinatseka sukulu, usiku umenewo tinagona kuthengo, ine ndi azakhali anu ndi mwana wakhanda, udzudzu ukutimaliza, bulangete limodzi.

M'mawa kunabwera bambo wina pa njinga, malaya wamba, patapata kuphazi, kabuku kakang'ono m'thumba. Sanadzitchule kuti ndine yani, ifenso sitinafunse. Anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi a nyakwawa n'kuitana atatu aja mmodzimmodzi. Funso lake linali limodzi chabe: mwaona nokha kapena mwamva? Mnyamata uja ati ndamva kwa mayi wa zitumbuwa. Mayi uja ati ndamva kuchigayo. Mkulu wa mpingo ati andiuza ndi akazi anga, iwonso anali kuchigayo komweko. Kufufuza bwino, gwero linali mtsikana mmodzi amene anaona anthu patali akuwoloka ndi katundu pamutu. Anali othawa nkhondo, azimayi ndi ana ndi mbuzi zawo. Pakamwa patatu, koma diso limodzi. Akale sanalakwe aja anati Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Chomwe chinandikhalira m'mutu n'chakuti bamboyo sanatiseke. Anati mwachita bwino kuthawa, chifukwa mudzi wina unamva mphekesera yotere n'kuinyozera. Anafunsanso mtsikana uja kuti anthuwo anali angati, anavala chiyani, anachokera mbali iti, n'kulemba zonse. Nkhani yabodza ija anatulutsamo yoona: kuti tsidya lija kwavuta, anthu ayamba kuthawa, ndiye mbali imeneyo iyang'aniridwe. Kusanthula ndi kumeneko. Wanena ndani, anaziona bwanji, kale ananenapo zoona, akupindulapo chiyani potiuza, pali wina wosadziwana naye amene akunena zofanana? Kenako umalemba mwachidule, n'kusiyanitsa bwinobwino kuti ichi tikudziwa, ichi tikungoganiza. Ukasakaniza ziwirizi wapha anthu.

Musaganize kuti izi zimagwera ife akumudzi tokha. America ndi makina ake onse, CIA ilipo chiyambire 1947, inagwa m'mbuna yomweyi. Isanayambe nkhondo ya ku Iraq mu 2003, anakhulupirira munthu mmodzi wa ku Iraq wokhala ku Germany, amene anamupatsa dzina loti Curveball. Iye anati Saddam Hussein ali ndi malole opangiramo zida za tizilombo topha anthu. Colin Powell, nduna ya zakunja ya America nthawiyo, anakaziyala ku United Nations mu February chaka chomwecho. Nkhondo inamenyedwa, zida zija sizinapezeke, ndipo mu 2011 mwini wake anavomera kuti ananama. Vuto linali lakuti akuluakulu anali atafuna kale nkhondo, ndiye wopeta ankasunga zokhazo zokomera bwana. Kuchigayo kuja bola, ife tinangolumidwa ndi udzudzu.

Dikirani, nkhuku zalowa m'khitchini. Shi! Iwe Chisomo, tseka chitsekocho.

Eya, ndinali pati? Pali mbali inanso, yolonda akazitape a maiko ena. Ife a kuno kum'mawa tisamaione ngati nthano. Pa 24 December 1981, Orton Chirwa, amene anali nduna ya zachilungamo ku Malawi asanayambane ndi Kamuzu mu 1964, anabwera chigawo chathu chino ndi akazi ake a Vera ndi mwana wawo, poganiza kuti akukakumana ndi anzawo a ndale. Unali msampha. Boma la Malawi linati linawagwirira m'dziko lawo, eni ake anati anatengedwa mbali ya kuno n'kuwolotsedwa. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, a Vera anatuluka mu 1993. Masiku amenewo ukapita kumaliro ku Mchinji, akulu ankakuuza kuti dzina la Kamuzu usalitchule ngakhale m'tulo.

Apa ndiye pali pomwe ine mtima wanga sukhazikika. Dziko lopanda maso ndi makutu silingakhale, zimenezo ndavomera, ndinagona kuthengo ine. Koma chinsinsi chimabisanso zonyansa. Nthawi ya chipani chimodzi tinkaopana tokhatokha, mu staff room munthu akalowa nkhani n'kusanduka ya mpira. Ndipo mukumbukira Zamtrop, akaunti ya bungwe lomweli ku London? Mu 2007 khothi la ku London linagamula kuti a Chiluba, pulezidenti wathu wakale, ndi Xavier Chungu amene anali mkulu wa OP, pamodzi ndi ena, anapatutsa ndalama za boma pafupifupi madola 46 miliyoni. Kuno kwathu a Chiluba khothi linawapeza osalakwa mu 2009, zimenezonso tinene. Koma ndalama zinadutsa mmenemo chifukwa ndi thumba lomwe anthu ankaopa kusuzumiramo. Ndiye ine ndimati, alonde dziko, asalonde chipani, ndipo a ku Parliament ndi makhothi asamachite nawo mantha.

Za mafoni, amake Dalitso, musadzivutitse. Njira yomvetsera ilipo, ndipo SIM yanu inalembetsedwa ndi chitupa chanu cha NRC, mwini wake amadziwika. Malamulo a za cyber a 2025, omwe analowa m'malo mwa lamulo la 2021, amalola boma kumvetsera, kawirikawiri ndi chilolezo cha khothi, ndipo maloya ndi atolankhani ambiri anadandaula kuti mphamvuzo zachuluka. Koma ndani angakhale pansi tsiku lonse kumvera inu ndi amake Tisa mukukambirana za chilimba? Amene ndimamuopa ine ndi wa pagulu lomwe lino, wojambula screenshot n'kutumiza kwa apongozi. Ndikudziwa mukundimva, simukuyankha chabe.

Bambo wa ku Kapata uja akaimbanso, atate a Dalitso angomuuza kuti tikumane ku ofesi kwanu, tibwera ndi atsibweni ake, mutipatsenso risiti ya boma. Muone ngati foni yake ilirenso. Akakakamira, nambala yakeyo mupite nayo kupolisi, chifukwa si inu nokha amene wakuuzani zimenezi.

Dalitso abwere Loweruka ndi satifiketi yake tione pomwe angalembere, andithandizenso kunyamula manyowa. Abweretse ndi chaja yanga ija anabwereka pa maliro, foni ino yatsala 4 peresenti.