Kodi nkhani za Saki n'zoyenera mwana wa zaka 13?

Mayi wina wanditumizira imelo kufunsa ngati angalole mwana wawo wa zaka 13 kuwerenga nkhani za Saki, wolemba nkhani zazifupi wa ku Britain, popeza iwo atawerenga nkhani yake ya "Sredni Vashtar" anaona ngati wolembayo akusangalala ndi imfa ya munthu wolera mwana. Mayi, funso lanu landikhudza kwambiri, chifukwa inenso ndinakulira m'manja mwa achibale mayi anga atamwalira.

Dzina lenileni la Saki linali Hector Hugh Munro, ndipo anabadwira ku Akyab m'dziko la Burma mu 1870. Mayi ake anamwalira mu 1872 atathamangitsidwa ndi ng'ombe ali oyembekezera, choncho bambo ake, omwe anali mkulu wa apolisi ku Burma, anasiya ana awo ku Pilton, pafupi ndi Barnstaple ku England, kuti aleredwe ndi agogo awo pamodzi ndi azakhali awiri, Charlotte ndi Augusta, anthu a malamulo okhwima zedi.

Pakhomo pamene ndinakulira njala panalibe, ndipo fizi inkalipidwa pa nthawi yake. Komabe mwana wamasiye sankayembekezeka kudandaula, chifukwa dandaulo lililonse linkamveka ngati kusayamika. Ndinkalemba zokhumudwa zanga m'kope limene ndinkabisa kudenga, ndipo zina mwa zimene ndinalembamo zinali zoopsa, ngakhale kuti ondilerawo ndinkawalemekeza ndipo ndimawalemekezabe. N'chifukwa chake nditawerenga mu "Sredni Vashtar" za Conradin, mnyamata wodwaladwala wa zaka 10 amene womulera, Mrs De Ropp, anagulitsa nkhuku imene mnyamatayo ankaikonda, iye n'kumapemphera kwa kanyama kolusa konga likongwe mpaka kanapha mayiyo, sindinaone nkhanza za wolemba. Ndinaona munthu wodziwa zimene zimabisala mumtima mwa mwana wosaloledwa kuyankha. Ndikukana kwamtuwagalu maganizo akuti nkhani yotere imawononga mwana, chifukwa mkwiyowo amakhala ali nawo kale asanatsegule buku.

Sindikunena kuti Munro analibe chilema. Nkhani zake zina zimanyoza Ayuda ndiponso amayi amene ankamenyera ufulu wovota, ndipo zimenezo n'zosafunika kuziikira kumbuyo. Koma sanali munthu wongoseka ali pampando. Anagwira utolankhani ku nyuzipepala ya ku London ya Morning Post kuyambira 1902 mpaka 1908, ku Balkans, Warsaw, St Petersburg ndi Paris, ndipo nkhondo yoyamba ya padziko lonse itabuka mu 1914 analowa usilikali ali ndi zaka 43, nakana udindo wa ofesala. Anawomberedwa n'kufa pafupi ndi Beaumont-Hamel ku France mu 1916, ndipo pambuyo pake mlongo wake Ethel anawononga mapepala ake ambiri.

Tsono muchite chiyani?

Muloleni awerenge. Ayambe ndi "The Lumber Room" ndi "The Open Window", zomwe zili m'buku la Beasts and Super-Beasts la 1914, kenako "Sredni Vashtar" muwerengere limodzi, ndipo mumufunse chimene Conradin ankasowa pakhomo paja musanamuuze maganizo anu.