Kodi a fakitale anaimanga njinga yanga?

Wowerenga wina wa ku Chibavi, yemwe amapanga kabaza pa njinga ya 150cc, wandilembera imelo. Akuti akakoka moto njinga imachedwa kudzuka, makamaka akakweza munthu ndi thumba la chimanga, ndipo makaniko wamuuza kuti a fakitale anaimanga dala, angogula CDI (kabokosi kolamula moto wa pulagi) ina yopanda malire basi iuluka. Akufunsa ngati atero, komanso ngati tcheni ndi magiya zingapirire.

Achimwene, kumanga njinga kulipodi, koma kwenikweni n'kwa njinga zikuluzikulu. Kuchokera pa Yamaha R6 ya 2006, njinga zambiri zamphamvu dzanja silitsegulanso mpweya lokha. Limangouza kompyuta, iyo n'kusankha kuti itsegule motani, ndipo m'magiya oyambirira imachepetsa dala kuopa kuti tayala lakutsogolo linganyamuke. Suzuki Hayabusa itatuluka mu 1999, makampani akuluakulu anagwirizananso kuti liwiro lisamapitirire makilomita 300 pa ola.

Yanuyo ilibe zonsezi. Ili ndi kabyuleta (chosakaniza mpweya ndi petulo) ndi waya wochokera kudzanja basi. Malire amene CDI ina imakhala nawo amagwira injini ikalira mpaka pamapeto penipeni, pomwe inu mukudandaula za ponyamuka. Ndiye mukachotsa malirewo, pokwera chitunda ndi katundu simuona kusintha. Chomwe mwatsegula ndi mpata woti injini izungulire mopyola muyezo, mavalavu alephere kutseka nthawi yake, pena mpaka kugundana ndi pisitoni. Ndalama ya ntchito imeneyo si ya tsiku limodzi la kabaza.

Tsono pa za kupirira. Mukakoka moto wonse n'kutaya klatchi mwadzidzidzi, nkhonya imeneyo imayamba kugwera mapuleti a klatchi, kenako sipuloketi yaing'ono, tcheni, n'kukathera pa timalabala tili mkati mwa tayala lakumbuyo. Timalabala timeneti anthu amatiiwala, chonsecho ndi tomwe timameza kugwedeza konse. Tikatha mumamva kuti "gu" nthawi iliyonse mukanyamuka, ndipo tcheni imayamba kutalika msanga. Onjezani matope a mvula ya kuno ku Mzuzu, amene akasakanikirana ndi oyilo amapala mano a sipuloketi ngati tupa. Magiya a m'kati nthawi zambiri amatha pomaliza, izi zonse zitadyeka kale.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi zotchipa. Onani fyuluta ya mpweya ndi pulagi. Mvetserani ngati injini ikulira koma njinga osathamanga, chifukwa pamenepo klatchi ikuterereka, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi oyilo wa galimoto. Gulani wolembedwa JASO MA pa botolo. Tcheni izisewera masentimita 2 kapena 3, osaikunga ngati chingwe cha gitala (ambiri pa siteji amaikungitsa poganiza kuti akuisamala, kumene kuli kupha mabeyaringi).

Kenako werengani mano a sipuloketi yakutsogolo. Ena amaika ya mano 15 pofuna liwiro pa msewu wa ku Ekwendeni, osadziwa kuti agulitsa mphamvu ya pachitunda. Kwa inu wonyamula katundu m'tinjira ta ku Mchengautuwa ndi Masasa, ya mano 14 ndiyo ikuthandizeni kudzuka. Posinthapo gulani zonse pamodzi, tcheni ndi masipuloketi onse awiri, chifukwa tcheni yakale imadya sipuloketi yatsopano msangamsanga. CDI ija isiyeni momwe ilili.