Tifunseni: Matabwa a pansi pa boti la faiba awola

Funso: A Mkonzi, ndili ndi boti la faiba la mamita 7 lomwe timaphera usipa. Pansi pake payamba kufewa ukaponda, makamaka kumbuyo komwe timaika thanki ya petulo. Mmisiri wina akuti tingokhomerapo pulayiwudi wina pamwamba n'kumata faiba. Kodi zimenezi zithandiza? Msodzi, Mtakataka, Dedza.

Yankho: Bambo, musalole. Faiba siwola, chawola ndi thabwa lomwe lili mkati mwake. Madzi analowera m'mabowo a misomali kapena m'ming'alu, n'kusowa potulukira. Mukavindikira ndi thabwa latsopano, chinyezi chija chidzalowanso m'latsopanolo, boti lidzalemera, ndipo nthiti zapansi zidzapitiriza kuwola mosaoneka.

Yambani mwagogoda pansi ponse ndi hamala. Pabwino pamalira kuti ngwee, powola pamamveka phuu. Lembani malire ndi choko, kenako dulani ndi gulayinda masentimita 10 kupitirira pomwe pafewa. Dulani mosazamitsa, chifukwa m'mbali thupi la boti lili pafupi kwambiri, mungaliboole. M'mphepete siyani kamlomo ka masentimita 5 kokhazikapo thabwa latsopano.

Mukatsegula, bayani nthiti iliyonse ndi sukuludiraiva, osaiwala thabwa lakumbuyo lomwe limanyamula injini. Ikalowa mosavuta n'kutulutsa zinthu zakuda zonyowa ngati manyowa, nthitiyo ichoke. Ikanipo mlombwa kapena mbawa wouma bwino. Paini wa ku Dedza ndi wosavuta kupeza, koma m'madzi sachedwa kuwola. Ngati muli thovu lolimba lothandiza boti kuyandama ndipo lamwa madzi, lichotseni lonse, siliumanso.

Apa ndiye pamene ambiri amapupuluma. Boti likhale pamtunda, pamthunzi popita mphepo, milungu iwiri kapena kuposerapo. Kuti mudziwe ngati lauma, matani kapepala ka pulasitiki pathabwa ndi tepi madzulo; m'mawa kakachita thukuta kunsi, dikiranibe. Rezini, guluu womatira faiba, sagwira ponyowa kapena pamafuta, choncho oyilo wakale wa injini yemwe ena amapaka matabwa asayandikireko. Palani faiba yakale ndi sandipepa wokhakhala wa nambala 40 mpaka kuwala kuthe, mupukute ndi asetoni, mankhwala ochotsa mafuta.

Gulani pulayiwudi wa marine, wopirira madzi, wa mamilimita 12, kapena 18 ngati nthiti zatalikirana. Ogulitsa ena amangotchula dzinalo, ndiye dulani kachidutswa mukawiritse m'poto maola awiri. Kakamatuka, guluu wake si wa m'madzi. Blockboard ndi chipboard ayi ndithu. Mukadula kulingana ndi malo, pakani rezini kawiri mbali zonse, makamaka m'mphepete momwe thabwa limamwera madzi, ndipo kunsi matani mati imodzi (chinsalu cha ulusi wa faiba wosalukidwa) musanalikhazike. Kunsi kumeneko ndiko kumaiwalika, komanso ndiko kuwola kumayambira.

Rezini wa polyester amafuna hadina (mankhwala omulimbitsa) ya MEKP yokwana mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu imodzi. Yezani ndi jakisoni, osati ndi maso. Pa kutentha kwa kunyanja mu Okutobala, mamililita 10 ndi okwanira, ndipo sakanizani theka la kilogalamu nthawi imodzi chifukwa pakatha mphindi 15 kapena 20 amayamba kulimba. Mukachulukitsa hadina amatentha m'chitini n'kung'aluka. Mukachepetsa amakhala wonata masiku ambiri. Kukazizira kutsika pa madigiri 15, monga zimakhalira ku boma la Dedza mu Juni, sauma bwino. Hadina imaononga maso, valani magalasi ndi magolovesi, musaisakanize ndi asetoni, ndipo fodya ndi moto zikhale kutali.

Khazikani thabwa pa phala la rezini wosakaniza ndi utuchi wosefa, mumange ndi masikuluwu a stainless, bowo lililonse mutathiramo rezini. Phala lomwelo tsekerani mpata wa m'mbali, mulisalaze mokhota ndi msana wa supuni, popeza mati sagona pakona yakuthwa. Yalani mati a magalamu 450 kawiri, akwere m'mbali mwa boti masentimita 10 mpaka 15. Dindani ndi bulashi kufikira kuyera konse kutatha. Poyera pali mpweya, ndipo mpomwe padzamatuke. Shiti imodzi ya pulayiwudi imadya rezini pafupifupi makilogalamu 10. Pomaliza wazani mchenga wouma wosefa pa penti yoyamba isanaume kuti alovi asamaterereke ndi mamba a nsomba.

Funso: Ndamva kuti rezini wa epoxy ndi wolimba kuposa wa polyester. Ndingaphatikize? Mayi wa boti, Golomoti.

Yankho: Mayi, epoxy amagwira thabwa bwino koma ndi wodula, ndipo amayenderana ndi nsalu yolukidwa ya faiba, osati mati wamba. Amagwira pamwamba pa polyester wouma wopalidwa, koma polyester sagwira pamwamba pa epoxy. M'chitini chimodzi musawaphatikize. Kaya mwasankha uti, siyani timabowo m'munsi mwa nthiti kuti madzi azitsikira kumbuyo, komanso kachitseko kokapira madzi, ndipo boti likakhala pagombe kutsogolo kuzikhala kokwezeka.