Yambani ndi Dayahang Rai, achimwene

Achimwene, mwati mumachita zisudzo ndipo mukufuna katswiri wa mafilimu a ku Nepal woti muphunzireko, osati wa mafilimu a magule ndi chikondi chokhachokha. Ine ndikuti tsatani Dayahang Rai.

Bamboyu ndi wa ku Bhojpur, kumapiri a kum'mawa kwa dzikolo, ndipo anayambira pa siteji ngati inuyo. Ndi mmodzi mwa amene anayambitsa gulu la Mandala Theatre ku Kathmandu. Ambiri anamudziwira mu filimu ya Loot ya 2012, yotsogoleredwa ndi Nischal Basnet, nkhani ya anyamata osowa pogwira amene apangana zokaba kubanki. Mmenemo anthu amayankhula monga amayankhulira pamsewu, ndipo ndi imene inatsegulira njira mafilimu ena otere. Muonetsetsenso Saugat Malla, amene anasewera Haku Kale.

Koma imene ndikufuna muionere mutakhala pansi ndi White Sun ya 2016, ya Deepak Rauniyar, yomwe inaonetsedwa pa chionetsero cha mafilimu cha ku Venice, ku Italy. Nkhondo ya pakati pa boma la Nepal ndi zigawenga zachikomyunizimu zotchedwa Maoist inayamba mu 1996 n'kutha mu 2006. Rai akusewera Chandra, amene anamenya nawo nkhondoyo ku mbali ya zigawenga, ndiye wabwera kumudzi ku maliro a bambo ake. Mwambo ukufuna kuti ana aamuna anyamule mtembo kutsika nawo phiri mpaka kumtsinje kokautentha. M'bale wake anali mbali ya boma la mfumu ya dzikolo. Akanganira panjira, mtembo n'kuusiya pansi, akuluakulu a m'mudzi atangokhala poteropo kudikira.

Apo ndi pamene pali phunziro lanu. Muone mapewa ake akasenza, mmene amapumira, mmene amayang'anira pansi akuluakulu akamamudzudzula. Sakuwa. Mkwiyo umangooneka pa nsagwada. Ife ozolowera siteji timakweza mawu ndi kutambasula manja kuti wa kumbuyo amve, koma kamera ili pafupi, imaona ngakhale kuphethira. Ine nditaionera koyamba ndinakumbuka maliro ena akwathu kumene abale sankayankhulana, ndipo ndinalephera kudya usiku umenewo.

Kabaddi ya 2014 muionere pambuyo pake, kuti muone kuti munthu yemweyo amathanso kuseketsa. Pezani zokhala ndi mawu omasulira pansi. Chigawo cha pa phiri chija cha mu White Sun mudzachibwereze kachiwiri mutatseka mawu, muzingoona thupi lake.