Ndikufuna kukonza bafa ndekha, kodi ndiyambire pati?

Funso: Nyumba yanga ndi yakale ndithu ndipo bafa lake latha. Matailosi ena apansi akugwedera, ndipo penti ya khoma la kuchipinda chogona, limene linagundana ndi bafalo, ikusendeka. Ndikufuna kuika matailosi atsopano, shawa ndi giza, ndipo ntchito yambiri ndiigwire ndekha. Matailosi ndagula kale. Ndiyambire pati?

Yankho: Bambo, matailosi mwagulawo ayambe akhala m'makatoni momwemo. Khoma limene likusendeka penti mbali ya kuchipinda lanyowa kuchokera mkati, ndipo m'nyumba zakale chimene chimachititsa zimenezi kawirikawiri ndi paipi yachitsulo ya GI imene yadyeka ndi dzimbiri polumikizira, mkati mwa njerwa. Mukamata matailosi atsopano pamwamba pa paipi yotere, mudzawagumula ndi manja anu omwewo.

Musanagwire hamala, yesani kaye ndi mita ya madzi. Madzulo, pa nthawi imene madzi akubwera ndi mphamvu, tungirani a pabanja madzi m'ndowa, kenako mutseke mipopi yonse ya m'nyumba ndi ya panja. Mutsekenso valavu yolowetsa madzi mu thanki ya chimbudzi, pakuti mathanki amenewa amataya madzi mwakachetechete ndipo akhoza kukunamizani kuti vuto lili m'khoma. Mukatero pitani pa mita ya Water Board mukalembe manambala onse, makamaka ofiira amene amawerenga malita, chifukwa akuda aja amawerenga malita 1,000 pa nambala imodzi ndipo sangasunthe ndi kudontha kwa usiku umodzi. M'mawa, munthu aliyense asanatsegule mpopi, kawerengeninso. Ofiirawo akasuntha ndiye kuti paipi ina ikutaya madzi. Ngati madzi anasiya usiku, zimene mwawerengazo zilibe ntchito, bwerezani tsiku lina, popeza mpweya wolowa m'mapaipi madzi akamabwerera umazunguzanso mita. Ngati nyumba yanu imalandira madzi kuchokera mu thanki yapamwamba, tsekani valavu yodzazira thankiyo, mulembe mzere pamene madzi alekezera, ndipo m'mawa muone ngati atsika. Pomaliza, ngati pali valavu ya paipi yopita kubafa, itsekeni mubwereze zonsezi usiku wachiwiri; mita ikaima, mwadziwa kumene mukagumule. Anthu amaona ngati kuyesa kumeneku n'kutaya nthawi, koma sikulira ngakhale tambala imodzi, ndipo ine sindiyamba ntchito ya bafa ndisanakuchite.

Mita ikapanda kusuntha, madziwo akudutsa m'mipata ya matailosi kapena pa paipi yotulutsa madzi osambira. Zonsezi zidzakonzeka ndi ntchito imene mukufuna kugwirayi, bola mutsate ndondomeko yake.

Mukachotsa matailosi akale, chotsaninso mapaipi onse a GI, osati pamene padonthapo pokha, muike apulasitiki otchedwa PPR amene amalumikizidwa powotcha ndi makina ake. Pano mpamene eni nyumba ambiri amandikwiyitsa. Munthu amagula matailosi odula kwambiri, koma zolumikizira mapaipi ndi mavalavu amakatola otchipa opanda ngakhale dzina, amene mazinga ake amaphwanyika ukangomanga ndi sipanala, pomwe zimenezi n'zimene zikakwiriridwe m'khoma. Mapaipi atsopanowo muwatseke kumapeto, mulowetse madzi, ndipo mubwereze mayeso a mita aja musanapake pulasitala. Paipi yotulutsa madzi a shawa ikhale ya 50 mm, yokhala ndi kokhota kosunga madzi kuti fungo lisabwerere, ndipo ya chimbudzi ikhale ya 110 mm.

Simenti ya pansi itsetserekere ku dzenje lotulukira madzi, pafupifupi 1 cm mpaka 2 cm pa muyeso wa mita imodzi, ndipo muyese ndi levulo, osati ndi maso. Ikauma, pakani mankhwala oletsa madzi kulowa, kawiri, pansi ponse ndi m'makona, ndipo pa makoma a shawa akwere kupitirira mutu wa munthu. Tsekani dzenje lija, thirani madzi pansipo, muwasiye maola 24 muone ngati atsika. Matailosi abwere pambuyo pa zonsezi, ndipo amatidwe ndi adhesive (simenti yapadera yomatira matailosi) yofalitsidwa ndi chipande cha mano pansi ponse. Akale aja mwina akugwedera chifukwa mmisiri wake anangoika timibulu ta simenti m'makona anayi, pakati n'kusiya mphako yosunga madzi. Onaninso ngati munagula oonjezera, pafupifupi 10 pa 100 alionse, chifukwa ena adzasweka podula ndipo mtundu womwewo simudzaupezanso mosavuta kusitolo.

Za giza zokha musazigwire nokha. Itanani mmisiri wamagetsi amene ali ndi chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, kuti aikire gizayo waya wakewake, breaker yake (chodula magetsi pakakhala vuto) ndi earth (waya wopita m'nthaka woteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi) yoyesedwa bwino, ndipo njira ya wayayo aiboole pa nthawi imodzi ndi ya mapaipi, khoma lisanapakidwe pulasitala.